Kaboo Kamene Kali Pansi pa Mpando Wanu

Mawa m'mawa mukakwela minibasi ya ku Matero, ku Chawama kapena ku Mtendere, musanatulutse foni m'thumba, welamani pang'ono muyang'ane pamene mwendo wa mpando ukumana ndi pansi pa basi. Mudzaona bauti. Kuzungulila bautiyo, m'mabasi ambili, pali kamphete kofiilila ngati tiyi wopanda mkaka. M'mabasi ena kampheteko kanasanduka kale cilonda: citsulo cinatupa, cikusendeka ngati makwa a mtengo. Ndipo alipo mabasi ena amene mukangosuntha labala ya pansi ndi phazi, muona msewu wa Lumumba ukuthamanga pansi panu.

Ife okwela yankho tili nalo kale: "Basi yakalamba iyi." Zoona, yakalamba. Koma ine ndatha miyezi ndikusuzumila pansi pa mipando, pa Kulima Tower, pa City Market, pa Millennium, mpaka makondakita ena amaganiza kuti ndagwetsa chenji. Cimene ndaona n'cakuti dzimbili silimela paliponse ayi. Lili ndi poyambila pake, ndipo kawilikawili poyambilapo ndi ciboo cimene munthu anaboola muno mwathu ndi drill, n'kumangapo bauti, n'kupita.

Ziboo zimenezi zicokela kuti?

Kucokela pamene kampani ya boma ya UBZ inagwa m'zaka za m'ma 1990, mzinda uno wakhala ukuyenda pamsana pa minibasi. Zambili ndi ma Toyota Hiace ndi ma Rosa amene anagwilapo kale nchito ku Japan. Zimabwela pa sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenako pamsewu kudzela pa Nakonde kapena pa Chirundu. Zina mwa izo kwawo kuja sizinali zonyamula anthu. Zinali maveni a katundu, kumbuyo kuli pululu, kopanda mpando ngakhale umodzi. Zina zinali ndi mipando yocepa, yotakasuka, imene siingakwanitse cashing ya mu Lusaka.

Conco ulendo woyamba wa basi yotele si wa pa siteshoni, ndi wa kwa owochelela. Amapanga mipando ya mapaipi, n'kuboola pansi kuti aimange. Welengani nokha: mzele uliwonse wa mipando uli ndi miyendo ingapo, mwendo uliwonse ufuna bauti yake. Onjezanipo citsulo cogwilila, masipika a nyimbo, magetsi okongoletsa, waya wa wailesi, nambala puleti, malabala ochinga matika ku mawilo, mwina ndi citsulo conyamulila katundu padenga. Basi isananyamule munthu woyamba, yabooledwa kale malo ambilimbili.

Comvetsa cisoni n'cakuti dziko lathu ndi labwino kwa citsulo. Tilibe nyanja ya mcele. Tilibe cipale cofewa conga ca kumpoto kwa Japan, ku Hokkaido, kumene amawaza mcele m'misewu kuti cisungunuke, mceleyo n'kumadya mamotoka kunsi. Kuno kucokela mu May mpaka mu October kumakhala kouma gwa. Motoka imene yafika ili bwino, osaiboola, imatha zaka zambili thupi lake lili njonjonjo. Ndiye dzimbili lambili limene tikuona pansi pa mipando sitingalinamizile ku Japan. Ndi lathu lomwe.

Cimene drill imacita

Citsulo ca thupi la motoka n'copyapyala kuposa mmene ambili timaganizila. M'malo ambili sicifika ngakhale milimita imodzi. Cimene cimacisunga zaka 20 si kukhuthala kwake, koma zovala zimene anaciveka ku fakitale. Kawilikawili citsuloco cimakhala cokutidwa ndi zinc, ija imapangitsa malata a padenga kuwala. Kenako thupi lonse la motoka amaliviika m'thanki ya penti yoyamba, ndipo mphamvu ya magetsi imakokela pentiyo m'ngodya iliyonse. Pamwamba pake m'pamene amapopela penti ya mtundu imene ife timaona.

Drill imadula zovala zonsezi nthawi imodzi. M'mphepete mwa ciboo citsulo cimatsala cili maliseche. Ndipo dzimbili silifuna zambili: citsulo, madzi ndi mpweya, basi kwatha.

Pali zinanso ziwili zimene drill imasiya. Coyamba ndi tumano takuthwa m'mphepete mwa ciboo, makamaka kunsi kumene drill inatulukila. Penti siigwila bwino pamalo akuthwa, imathawapo, ndipo madzi amakonda kutsalila pamenepo. Caciwili ndi tuzidutswa twa citsulo tumene tumagwa pobowola. Tumakhala totentha, motelo tumamatilila pa penti yabwinobwino. Mame a usiku umodzi akwanila kuti kalikonse kacite dzimbili. Mukaona madontho ofiila ngati nthomba pansi pa nambala puleti kapena pafupi ndi sikulu, dziwani kuti munthu anaboola osasesa.

Dzimbili likayamba silikhala pamalo amodzi. Limatupa kuposa citsulo cimene ladya, conco limatukula penti kucokela kunsi, madzi n'kulowa patsogolo, nalonso n'kutsatila. Tumatuza tumene mumaona pa penti pafupi ndi bauti ndi cizindikilo cakuti kunsi nchito inayamba kalekale. Onjezanipo kugwedezeka kwa tsiku lililonse, mahampu ndi maenje a m'komboni. Bauti imasewela m'ciboo, imapala citsulo catsopano, ciboo n'kumakulilakulila.

Madzi saiwala khwawa

Wina angafunse kuti, nanga si mwati kuno n'kouma? Kunja inde, koma m'kati mwa minibasi ayi. Mvula ikayamba mu November mpaka ca mu April, aliyense wolowa amabwela ndi madzi ake: kunsapato, ku ambulela, ku thumba la ndiwo. Mabasi a ku Kanyama ndi ku Chawama amawoloka zithaphwi zofika m'mawilo, ndipo matika amene amamatilila kunsi amasunga cinyontho masabata ambili mvula itakata. Ngakhale m'cilimwe, anyamata otsuka mabasi amakhuthula mabaketi a madzi m'kati, n'kukolopa pamwamba cabe.

Pamwamba pamauma, koma pansi pa labala ija sipauma. Labala imachinga dzuwa ndi mphepo, ndipo madzi amayenda pang'onopang'ono kufuna potsika. Potsika pake ndi pa bauti. Amalowa pansi pa washa, pamene nsalu siifika, n'kukhala pamenepo.

Ndiye pali katundu wathu wa ku Soweto. Thumba la nsomba zamcele, kapenta, mcele weniweni, kapena feteleza wopita naye ku munda. Zonsezi zikakumana ndi madzi zimafulumizitsa dzimbili kwambili. Mcele umene tinaupewa posakhala ndi nyanja, timaukweza tokha m'basi n'kuuika pansi pa mpando. Motelo ciboo cija cimadyedwa mbali zonse ziwili: pamwamba madzi a mcele, kunsi matika.

Mphindi zocepa zimene zimapulumutsa basi

Masiku apitawa ndinakhala theka la tsiku pa galaji ina ya ku Garden, kwa mudala wina wowongola mamotoka. Anali kumanga mipando mu Hiace yongofika kumene. Ndinaona kuti asanakhudze drill, anayamba wagona pansi pa basi ndi toci. Kunsi kuja kuli thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya, ndipo wobowola mwacimbulimbuli akhoza kulasa ciliconse. Anali kufunanso malo olimba, pamene pali nthiti za citsulo, komanso ziboo zimene a ku fakitale anasiya kale. Ciboo cabwino koposa ndi cimene simunaboole.

Atapeza malo, anamatapo tepu ya pepala, n'kuika cizindikilo ndi kacitsulo kosongoka kuti drill isatelele n'kukala penti. Anasankha kamsomali ka drill kakuthwa, n'kuboola modekha. Kobuntha kamatenthetsa citsulo, penti yozungulila n'kupsa, ndipo malo opanda citetezo amakula kuposa ciboo ceniceni.

Tuzidutswa tuja sanatupukute ndi nsalu, pakuti kutelo n'kutukhutiza pa penti. Anatenga maginito ya sipika yakufa, yokulungidwa m'pulasitiki, n'kuiyendetsa mozungulila. Tonse tunamamatila. Atavula pulasitikiyo, zinyalala zinapita m'bini, maginito n'kutsala yoyela. Kenako anasalaza m'mphepete mwa ciboo ndi tupa yozungulila, pamwamba ndi kunsi, mpaka cala cikudutsa osakodwa. Anapukuta ndi thinners kucotsa mafuta, cifukwa penti siigwila pa mafuta.

Apa m'pamene pagona nkhani. Anaviika kathonje ka m'makutu mu primer, n'kupaka m'kati mwa ciboo mozungulila, mbali zonse ziwili. Primer yokhala ndi zinc ndiyo yabwino koposa, pakuti zinc imalola kudyedwa iyo m'malo mwa citsulo. Ikasowa, red oxide, ija yofiila imene owochelela mageti a ku Kalingalinga amapaka, imathandiza ndithu. Itauma anapakanso penti ya pamwamba, cifukwa primer yambili payokha imalowetsa cinyontho pakapita nthawi.

Pomanga, anaika mankhwala omata ochinga madzi kuzungulila ciboo, girisi pang'ono ku bauti, ndipo kunsi anaikako kacitsulo kotambalala m'malo mwa kawasha kakang'ono, kuti kulemela kwa mpando kugawike pamalo aakulu. Mabauti ake anali okutidwa ndi zinc. Pamene panadutsa waya anaikapo kamphete ka labala, kamene kamachinga madzi komanso kuletsa citsulo kuceka waya, cinthu cimene cimayambitsa moto m'mamotoka. Pomaliza anapopela phula loteteza kunsi, pa nati iliyonse.

Ndinamufunsa kuti, "Manje batate, ngati ni vopepuka so, nicani bambili sibacita?"

Anaseka. "Ni nthawi, mwana wanga. Mwine wa basi afuna iyambe kusebenza lelo lamene. Ukamuuza ati tiyembekeze penti iyume, aona monga ufuna kumudyela ndalama."

Ndinayang'ana kacitini ka primer kamene anali nako. Mtengo wake sufika ngakhale pa cashing ya tsiku limodzi, ndipo kakhoza kukwanila mabasi angapo. Codula si penti, koma maola odikila kuti iume. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mu bizinesi ya mabasi kudekha kulibe msika.

Mankhwala ena amakulitsa matenda

Pali njila zina zimene zimaoneka ngati nzelu koma zimapweteka basi. Silicone ya m'bafa, ija imanunkha ngati viniga, imatulutsa asidi pouma, ndipo pa citsulo camaliseche imayambitsa dzimbili limene munafuna kuletsa. Oilo yakuda yocoka mu injini imachinga madzi masiku ocepa, kenako imatsukika, imakoka fumbi, ndipo imafewetsa malabala. Masikulu odziboolela okha ndi ofulumila, koma amang'amba penti n'kusiya tuzidutswa m'kati mwa khoma la basi mmene dzanja silifika.

Ena amayala lata la aluminiyamu la mizelemizele pansi ponse kuti basi ioneke yatsopano. Likakhudzana ndi citsulo copanda penti pali cinyontho, lata la aluminiyamulo limayamba kudyeka, ndipo madzi otsekeledwa pakati pake sauma. Enanso amati bola kuwochelela mpando kusiyana ndi kuboola. Koma moto wa welding umawocha penti ndi zinc mbali zonse ziwili. Pamwamba amapakapo penti cifukwa pakuoneka, kunsi n'kuiwala.

Coipa koposa ndi kubisa. Phula lakuda lopopela pa dzimbili limatsekela cinyontho m'kati, dzimbili n'kumadya mwakacetecete. Filler yomata pa ciboo imasalala bwino, ikapentedwa imanyezimila, koma ilibe mphamvu yogwila bauti. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Amene mufuna kugula basi yogwilapo nchito, nyamulani kamaginito. Pamene sikagwila bwino pa thupi la citsulo, pali phala lobisa cinacake.

Ngati dzimbili langoyamba, mankhwala alipo. Masulani bauti, palani mpaka citsulo ciwale, pakani rust converter pa tumadontho totsalila, kenako primer ndi penti monga poyamba paja. Koma ngati sikuludilaiva ikulowa mukakankha, pamenepo palibenso copenta. Pafunika kudula mpaka pa citsulo camoyo, kuwochelela cigamba catsopano, ndi kuciteteza pamwamba ndi kunsi.

Nanga ife okwela zitikhudza bwanji?

Basi si yathu, n'zoona. Koma thupi limene lakhala pa mpandowo ndi lathu. Tiyelekeze kuti pa mzele umodzi pakhala anthu anayi, aliyense wolemela makilo 60. Amenewo ndi makilo 240, osawelengela mwana wa pamiyendo ndi thumba la unga. Basi ikamayenda bwino, kulemela konseku kumangotsamila pansi. Koma dilaiva akaponda buleki mwadzidzidzi pa Great East Road, kapena basi ikagunda cinthu, kulemelako kumakokela kutsogolo ndi mphamvu yoposa pamenepo kambilimbili, ndipo cogwila ndi mabauti aja. Bauti ikhoza kukhala yolimba, koma ngati citsulo coizungulila cinawola, imazuka naco pamodzi ngati batani pa malaya akale. Mpando ukazuka, onse a pamenepo amakaunjikana pa a kutsogolo.

Caciwili ndi utsi. Paipi ya utsi imadutsa kunsi kwa basi, ndipo ikakhala yobooka, ziboo za pansi zimaulowetsa m'kati. Mu utsi wa injini muli mpweya woipa wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umapweteketsa mutu, umabweletsa cizungulile ndi tulo. Ganizilani nthawi ya mvula, mawindo onse otseka, basi itaima mu jam ya pa Kafue Road. Ife timatsika pakapita ola, koma dilaiva ndi kondakita amaupuma kucokela m'bandakuca mpaka usiku.

Cacitatu ndi thumba. Basi ikalowa m'galaji kukasintha pansi ponse, imakhala masiku osagwila nchito. Mwini wake sapeza cashing, dilaiva ndi kondakita amabwelela kunyumba cimanjamanja, ndipo pa siteshoni mzele umatalika. Tisaiwalenso madzi amatika othovukila pa yunifomu ya mwana wa sukulu, ndi fumbi la mu October lolowela pansi.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, limayesa mabasi kuti lione ngati ndi oyenela kuyenda. Nchito imeneyo ndi yofunika. Koma woyesa amaona basi tsiku limodzi, pamene ife timakhalamo m'mawa ndi madzulo, sabata yonse. Maso ambili amene ali m'basi ndi athu.

Zocita mvula isanagwe

Kwa eni mabasi ndi madilaiva, mwezi wa October ndiwo wabwino. Tulutsani labala ya pansi, tsukani, musiye basi padzuwa zitseko zili zotsegula mpaka iume. Yang'anani bauti iliyonse, pamwamba ndi kunsi. Cotsani matika akale m'makona a mawilo. Ziboo za mipando yakale zimene sizikugwilanso nchito, zipenteni n'kuzitseka ndi zotsekela za labala. Koma samalani: pansi pa zitseko pali tuziboo tumene a ku fakitale anasiya dala kuti madzi azitulukila. Tumeneto musatutseke, m'malo mwake tutokoseni ndi kawaya kuti tutseguke. Ndipo mukapeleka basi kwa owochelela, funsani kuti ciboo ciliconse adzacipaka ciani. Mukalipila mpando, lipilaninso tsiku lakuti penti iume.

Kwa ife okwela, nchito yathu ndi yocepa. Mukakhala, gwedezani mpando pang'ono ndi dzanja. Mpando wabwino susuntha kumiyendo. Ngati ukuvina, kapena mukuona kuwala kwa dzuwa pansi, khalani pena ngati malo alipo, makamaka mukakhala ndi mwana. Katundu wamcele kapena wodontha muyalile pulasitiki. Ambulela ikunkhumuleni panja musanalowe.

Koposa zonse, kambani. Osati mokalipa, pakuti kondakita si ndiye anaboola. Poseluka mungangoti, "Ba kondakita, mukauze ba boss, mupando wa kumbuyo wamasuka, pansi payamba kubooka." Mwina adzakuyankhani mwamwano, mwina adzaseka. Koma akamva mawu amodzimodziwo kwa anthu asanu pa tsiku, adzawafikitsa kwa mwini basi, cifukwa naye safuna kuti okwela aziikana basi yake pa siteshoni.

Timadziwa kukangana pa chenji ya kwacha imodzi mpaka basi yonse kulowelelapo. Timadziwa kudandaula nyimbo zikakwela kwambili. Mawu amodzi pa za bauti imene yagwila mpando wathu sangatilemele. Mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo, ndipo mvula yoyamba ikagwa, madzi adzapita pamene amapita caka ciliconse.